Insert 14, Insert 15, Insert 16: nkhani ya ma stem anga oyamba

Foda yoyamba yomwe ndinatumizira munthu woti amikise nyimbo yanga ndikadali nayo, sindinaifufute dala. Dzina lake ndi "final final yeniyeni 2" ndipo mukaitsegula mupezamo mafayilo 47, ambiri mayina awo ndi Insert 14, Insert 15, Insert 16 kumangopita choncho (mayina omwe pulogalamu imangopereka yokha ukapanda kulemba ako), ena ndi ma WAV ena ndi ma MP3 poti intaneti tsiku limenelo inkachita kukwawa nde ine ndinaona ngati ndachenjera kuchepetsako ena. Mavoko ndinangowakopera mmene analili mu foda ya Recorded ya FL Studio, pulogalamu yomwe ndimapangira nyimbo, tizidutswa ta masekondi 8, tina 20, kalikonse koyambira pakepake. Ndinatumiza cha m'ma 11 usiku n'kukagona mtima uli m'malo kuti ntchito ndaigwira.

Mmawa foni inalira.

"Mphwanga, chimene wanditumizirachi n'chani?"

"Ndi ma stem aja achimwene."

"Ayi awa si ma stem. Waphwasula galimoto n'kundiikira mu thumba. Piyano ili kuti? Pa demo ndikumva piyano, muno mulibe. Nanga kolasi iyambire pati, ndichite kulota?"

Ndinangoti kakasi. Mwamwayi mkuluyu ndi wofatsa, anangoti ndikonze nditumizenso, koma anawonjezera mawu amodzi omwe anandikhala m'mutu mpaka lero, anati iye akatsegula foda ya munthu amadziwiratu ngati agwire ntchito yomikisa kapena yosesa. Ndipo ine nditakhala pansi ndinaona kuti kudina batani la export, lotulutsira mafayilo lija, ndi nkhani ya mphindi zochepa chabe, nthawi yeniyeni imatayika musanalidine ndi mutalidina, pamene mukubwereza kachitatu chifukwa china chake chasowa.

Tiyambe ndi dzinalo chifukwa pomwepo ndi pomwe anthu timasemphana. Ife opanga ma biti chilichonse timangochitcha stem, koma kwa anthu omikisa pali ma stem ndiye pali ma multitrack. Ma multitrack ndi pamene chida chilichonse chili ndi fayilo yakeyake, kick payokha, snare payokha, voko iliyonse payokha, amatha kukwana 30 kapena 80. Pomwe ma stem enieni ndi magulu omikisidwa kale, ng'oma zonse fayilo imodzi, bezi imodzi, makiyibodi ndi magitala imodzi, mavoko imodzi kapena ziwiri, nde mukawaika pamodzi onse pa zero nyimbo ija ibwerere mmene inalili. Anzathu a mafilimu akhala akugwira ntchito chonchi kuyambira kale, amalekanitsa zoyankhula, nyimbo ndi phokoso lina lonse kuti filimu akafuna kuiika m'chilankhulo china angochotsa zoyankhulazo zina zonse zikhale. Native Instruments nawo mu 2015 anatulutsa mtundu wa fayilo wotchedwa Stems wa ma DJ, momwe nyimbo imagawidwa panayi basi. Ndekuti munthu akakuuzani kuti tumiza ma stem, musathamangire kompyuta, mufunseni kaye kuti mukufuna magulu kapena chilichonse pachokha, ndi ma effect kapena opanda, pa sample rate yanji (kuchuluka kwa ma sample a mawu pa sekondi, monga 44.1 kHz). Mafunso atatu okha, meseji imodzi. Paja safunsa anadya phula, ine ndinadya lambiri. Womikisa amafuna ma multitrack, wa mastering (womalizitsa nyimbo ikatha kumikisidwa) pena amafuna magulu anayi kapena asanu ndi limodzi, woimba akamapita pa siteji amafuna biti yopanda voko yaikulu koma mavoko akumbuyo alimo, wa remix amafuna acapella (mavoko okha) ndi tempo. Mukatumizira onsewa foda imodzimodzi wina adandaula ndithu.

Lamulo lomwe silisintha, kaya mumagwiritsa pulogalamu yanji, ndi loti fayilo iliyonse iyambire pa bar 1, pachiyambi penipeni pa nyimbo, ndipo onse akhale otalika mofanana. Olo kagitala kamangolira kamodzi pa mphindi yachitatu, fayilo yake iyambe pa zero, ikhale zii mphindi zitatu zonsezo kenako kalire. Poyamba zinkandipweteka mtima kuona fayilo yaikulu yodzadza ndi chete, ndinkati n'kuwononga malo, koma chete ameneyu ndi amene amauza mnzanu uja kuti kagitalako kagwere pati. Amangokoka mafayilo onse n'kuwaponya kumayambiriro basi, zonse zakhala m'malo mwake. Mu Pro Tools amachita Consolidate, mapulogalamu ena ali ndi mayina awo koma ganizo ndi lomwelo, tizidutswa tonse tilumikizike tikhale chingwe chimodzi kuyambira poyamba. Ndipo apa ndi pomwe ma MP3 anga aja anandilakwitsanso kawiri. Kupatula kuti MP3 imataya mbali ina ya mawu yomwe siibwereranso, imaikanso kachete pang'ono kumayambiriro kwa fayilo, ma sample opitirira 1,000, omwe pa 44.1 kHz ndi pafupifupi ma millisecond 25. Mukamvera nyimbo yokha simungadziwe, koma muike bezi ya MP3 pambali pa kick ya WAV mumva kuti bezi ikuchedwa, ikukoka mwendo, groove yonse yapita. Ma stem ndi WAV kapena AIFF, nkhani ya MP3 isiyeni ikhale ya demo yomverera.

Piyano yosowa ija nayo ili ndi nkhani yake. Mu FL Studio chida chomwe simunachipatse track pa mixer chimangopita ku master, track yomaliza yomwe mawu onse amakumaniramo, nde mukamamvera zonse zili bho, zikumveka, koma mukatulutsa ndi Split mixer tracks chida chimenecho sichikhala ndi fayilo yake, chimangopezeka mu fayilo ya master yokha. Ine piyano, shaker ndi ka riser kena zonse zinali choncho. Mankhwala ake ndi osavuta, musankhe ma channel onse, mupite pa mixer pa track yopanda kanthu n'kudina Ctrl+Shift+L, chilichonse chimatenga track yake motsatana pamodzi ndi dzina lake. Koma dzinalo liyambe lakhalapo. Pano ine ndimalemba dzina chida chikangolowa mu pulojekiti, osati pamapeto, chifukwa pamapeto umakhala watopa ndipo "Pad 3 copy copy" sukumbukiranso kuti ndi chani. Ndimayamba ndi nambala ya manambala awiri, 01 Kick, 02 Snare, 03 Hats, kenako bezi, kenako zoimba, mavoko kumapeto, kuti kompyuta ikamasanja mafayilo motsata mayina abwere mwa dongosolo lomwelo. Mukalemba 1, 2, 3 opanda zero kutsogolo mapulogalamu ena amaika 10 patsogolo pa 2, kanthu kakang'ono koma kamanyansa. Mayina akhale oti mlendo amve, "Lead Vox Vesi 1", "BV Kolasi L", osati dzina la preset kapena dzina lachibwana lomwe munapatsa woimbayo. Ndinafika popanga template yanga yomwe ma bus (ma track osonkhanitsa gulu la zida) a ng'oma, bezi, zoimba ndi mavoko alimo kale ndi mitundu yawo, nde nyimbo iliyonse yatsopano imabadwira m'nyumba yosesedwa kale. Kunena mosabisa, theka la liwiro lonse lotulutsira ma stem lili pamenepa, ndipo ndi ntchito yomwe palibe amaitama.

Tsono usiku wokonza uja, poti ndinali nditasiya kukhulupirira Split mixer tracks, ndinachita zomwe ambiri timachita tikamayamba, solo track imodzi (kuisiya ilire yokha), renda (kuitulutsa ngati fayilo), dikira, lemba dzina, chotsa solo, solo ina, renda, dikira. Laputopu yanga inkatenga pafupifupi mphindi zitatu pa renda imodzi, fani ikulira ngati ikufuna kuuluka, nde muwerengetse nokha ka 40. Ndinachezera. Ndipo choipa kwambiri si nthawiyo ayi, ndi choti pofika track ya 25 maso ali psuu unayamba kale kulakwitsa, waiwala kuchotsa solo ya track yapita ija nde snare yalowa mu fayilo ya gitala. Chinanso chomwe sindinkadziwa, mukachita solo bezi yomwe ili ndi sidechain yochokera ku kick (kick ikagunda kompuresa imatsitsa bezi), nthawi zambiri kick ija imazima limodzi ndi zinazo, kompuresa ilibenso choiuza kuti ifinye, bezi imatuluka yosapuma, yongoti ndoo, yosiyana ndi yomwe munkamva mu nyimbo. Pomwe mukatulutsa zonse kamodzi nyimbo imaseweredwa yonse, kick ikugunda bezi ikugwada mmene zimakhalira, pulogalamu ikungojambula track iliyonse payokha.

Ndipo pafupifupi pulogalamu iliyonse ili ndi njira yake yochitira izi kamodzi n'kamodzi, kungoti amazibisa m'mayina osiyana. FL Studio ndi Split mixer tracks ija, pa windo lomwe limabwera mukadina Ctrl+R. Mu Ableton Live mukatsegula Export Audio/Video pa Rendered Track musankhe All Individual Tracks, kapena Selected Tracks Only ngati mukufuna ochepa. Logic Pro ili ndi All Tracks as Audio Files pansi pa Export, Studio One anangolemba poyera kuti Export Stems, Cubase mumasankha ma channel ambiri pa Export Audio Mixdown ndipo kuyambira Cubase 11 ya 2020, mu Pro muja, mutha kundandalika ntchito zingapo pamzere n'kuchokapo ikazipanga yokha. Koma ine pa nkhani imeneyi yokha ndimavulira chipewa Reaper, ngakhale maonekedwe ake sandisangalatsa. Mumalemba $tracknumber ndi $track pa malo a dzina la fayilo, iyo imadzaza yokha nambala ndi dzina la track iliyonse, ndipo ndi Region Render Matrix mutha kutulutsa ma stem a nyimbo zingapo zomwe zili mu pulojekiti imodzi pa ulendo umodzi. Sindikuti musamuke, pulogalamu yomwe mukuidziwa ndi yomwe ili yachangu kwa inu, ndikungoti windo la export lija mulipatse mphindi khumi tsiku lina muwerenge kabokosi kalikonse, ambiri timangodina Start osayang'ana.

Msampha wa njira yachanguyi ndi woti imatulutsa zonse, ndikati zonse ndikutanthauza ma bus, ma return (ma track a ma effect ngati reverb omwe zida zimagawana) ndi master yomwe. Nde mu foda mumapezeka kick payokha, komanso kick yomweyo ili mu Drum Bus, komanso ili mu master. Mnzanu akangokoka zonse osayang'ana ng'oma zimalira kawiri, ndipo chinthu chimodzimodzi chikaphatikizana ndi chinzake chimakwera ndi 6 dB, mamita onse afiira nyimbo isanayambe n'kumikisidwa komwe. Ine ndimapanga mafoda awiri, ina ya ma track ina ya ma bus, master ndimaitcha Reference n'kuiika payokha. Ndipo dziwani kuti track yomwe ili mkati mwa gulu ikatuluka payokha sitenga ma effect omwe munaika pa gululo, ngati kukoma kwa ng'oma zanu kukuchokera pa kompuresa ya pa bus, kukomako kuli mu fayilo ya bus yokha.

Apa tafika pomwe ndimakangana ndi anzanga nthawi zambiri, nkhani ya master. Tonse timapanga biti limiter (yoletsa mawu kudutsa zero) ili pa master, pena ndi clipper ndi ka saturation pamwamba, chifukwa zimakoma, biti imamveka yaikulu, woimba akugwedeza mutu. Tsiku lomwe muzimitse zonsezo kuti mutulutse ma stem mumamva chilungamo chake, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, 808, bezi yokhuthala ija, yakwirira chilichonse, hats akubaya m'makutu, kumene limiter ija ndi yomwe inkagwirizira nyumba. Nde ena amati basi ndingotulutsa stem iliyonse kudzera mu master momwemo kuti kukomako kukhalebe. Zimamveka zanzeru koma masamu ake sagwira. EQ wamba ilibe vuto, mukaiika pa chilichonse payekhapayekha kapena pa zonse pamodzi zotsatira n'zofanana. Koma kompuresa ndi limiter zimachita zinthu potengera kukula kwa zomwe zikulowa. Nyimbo yonse ikamalowa limiter imafinya mwina 4 dB kick ikagunda ndipo chilichonse chimagwada nayo limodzi, pomwe piyano yokha ikamadutsa siifika n'komwe pa threshold, mlingo womwe limiter imayambira kugwira, nde limiter imangoyang'ana osachita kanthu. Mukadzaphatikiza ma stem otuluka choncho simupeza nyimbo yanu ija, mupeza ina yofanana nayo koma yokwera kudutsa zero ndipo yosagwirana. Ableton ili ndi kabatani koti track iliyonse idutse mu ma return ndi master, Reaper nayo ili ndi Selected tracks via master, n'zothandiza pomwe mukufuna reverb ikhale mkati mwa stem iliyonse kapena pa master pali EQ yokha, koma sizichotsa vuto la limiter ndanenali. Njira yanga ndi iyi, ngati zikupita kwa womikisa master ndimazimitsa yonse, ndimatumiza Reference yomwe ili ndi zonse kuti amve komwe ndinkalowera, n'kumuuza zomwe zinali pa master. Ngati biti yagwa limiter itazima ndekuti vuto lili mu balansi, ndimabwerera kukakonza kaye, pena mphindi 15 zokha zimakwana.

Za ma effect a pa track iliyonse palibe yankho limodzi ndipo wokuuzani kuti nthawi zonse tumizani zouma, zopanda ma effect, akukunamizani pang'ono. Ine ndimadzifunsa kuti effect imeneyi ndi mbali ya nyimbo kapena ndi mbali ya mix. Filter yomwe ikutseguka pang'onopang'ono kulowa mu kolasi, distortion ya pa 808, delay yomwe imagwira liwu lomaliza la vesi n'kulibwereza katatu, Auto-Tune yomwe woimba anaimba akuimva m'mahedifoni, zimenezo ndi nyimbo, mukazichotsa mwachotsa ganizo. Koma reverb yomwe ndinangoponya pa voko kuti woimba asachite manyazi pojambula, EQ yomwe ndinapanga pa masipika osadalirika, kompuresa yomwe ndinangosankha preset, zimenezo womikisa azichita bwino kuposa ine ndipo ndikazimatiriza mu fayilo ndamumanga manja, reverb ikalowa mu voko siituluka. Nde pa mavoko aakulu ndimatumiza ziwiri, youma ndi yonyowa, dzina likunena poyera Dry kapena Wet, ndipo ma reverb ndi ma delay a pa send amatuluka ngati mafayilo awoawo, iye asankhe kugwiritsa kapena kutaya. Kuchita export kawiri, kamodzi ma effect ali oyaka kenako ozima, kumatenga mphindi zochepa kuyerekeza ndi kudikira foni yoti tumizanso. FL Studio ili ndi Enable insert effects pa windo lomwe lija, Logic ili ndi Bypass Effect Plug-ins, ndi kabokosi kamodzi basi. Ndikakhala ndi mtima wabwino ndimaponyamonso MIDI (manoti okha opanda mawu) ya bezi ndi ma chord, ndi timafayilo topepuka kwambiri koma tsiku lina timapulumutsa munthu.

Manambala tsopano, sindichedwapo. Sample rate isiyeni mmene pulojekiti ilili, ngati munajambula pa 44.1 kHz tulutsani pa 44.1, kukweza kupita pa 96 sikuwonjezera kanthu kupatula kulemera kwa fayilo. Koma muuzeni mnzanuyo, chifukwa fayilo ya 44.1 ikaseweredwa ngati ya 48 osatembenuzidwa nyimbo imathamanga ndi pafupifupi 9 peresenti ndipo imakwera pafupifupi semitone imodzi ndi theka, woimba wanu wa mawu okhuthala uja amamveka ngati mng'ono wake. Bit depth ikhale 24 kapena 32-bit float, osati 16. Pa 16 pali malo okwana 96 dB, pa 24 ndi 144 dB, ndekuti olo track yanu ili pansi kwambiri palibe chomwe mukutaya, musavutike kuikweza. Ubwino wa 32-bit float ndi woti china chake chikadutsa zero sichiphwanyika mu fayilo, wolandira amangotsitsa n'kupeza zili bwinobwino, pomwe pa 24 chadutsa zero chadulidwa basi. Dither, kaphokoso kochepetsetsa komwe amaika potsitsa bit depth, ndi ya pamapeto penipeni pomwe nyimbo ikutsikira ku 16, pa ma stem ine sindiyatsa. Ndipo Normalize, abale, zimitsani. Kabatani kameneka kamakweza fayilo iliyonse payokha mpaka pamwamba, nde ka shaker komwe munakabisa kumbuyo kamabwera kofanana mphamvu ndi kick, balansi yomwe munaivutikira sabata yonse yafufutika ndi kudina kamodzi. Nkhani ija timamva yoti chilichonse chikhale pa -6 dB si lamulo lochokera kumwamba, chachikulu n'choti pasakhale chofiira, ndipo mukafuna kutsitsa tsitsani zonse mofanana.

Kulemera kwa mafayilo ndi komwe kunandichimwitsa ndi ma MP3 aja nde tiyeni tiwerengetse. WAV ya stereo pa 24-bit ndi 48 kHz imadya pafupifupi 17 MB pa mphindi, nyimbo ya mphindi zinayi ndi 69 MB fayilo imodzi, mafayilo 40 ndi pafupifupi 2.8 GB. N'zambiri ndithu ngati intaneti ndi yofooka. Koma zinthu zambiri mu nyimbo ndi za mono, voko yojambulidwa ndi maiki imodzi, kick, snare, bezi, ndipo fayilo ya mono ndi theka la ya stereo, kungoti si pulogalamu iliyonse yomwe imalola kusakaniza mono ndi stereo pa export imodzi nde pena ndimangozisiya. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi zip. Chete uja ndinkadandaula naye, ngati ndi chete weniweni wa digito, zip imamufinya mpaka kutsala pang'ono kutha, nde foda yodzadza ndi ma adlib ndi ma effect olira apo ndi apo imatsika kwambiri. FLAC nayo imachepetsa osataya kanthu, ingofunsani kaye ngati pulogalamu ya mnzanuyo imaitsegula. Mukamatumiza pa WhatsApp tumizani zip ngati Document, imalola mpaka 2 GB, apo ayi Google Drive kapena WeTransfer. Dzina la foda likhale ndi mutu wa nyimbo, tempo ndi kiyi, mwachitsanzo 102 BPM F minor, ndipo ngati tempo imasintha pakati nenani pa bar yomwe ikusinthira.

Kumapeto kwa nyimbo nakonso musakuiwale. Noti yomaliza ikalira reverb ndi delay zimapitirirabe masekondi angapo, mukadulira pomwe pattern yathera mchira umaduka mwadzidzidzi ngati wina wazula waya. Mu FL Studio pa Tail musankhe Leave remainder, kwina ingokokani malire a export apitirire ndi ma bar awiri kapena anayi. Womikisa kudula chete wotsala ndi sekondi imodzi, koma kubwezeretsa mchira womwe kulibe sangathe.

Chomwe chinasintha zonse kwa ine ndi chizolowezi chimodzi chotopetsa. Ndikamaliza export sinditumiza, ndimatsegula pulojekiti yatsopano yopanda kanthu, ndimaika tempo, ndimakoka mafayilo onse n'kuwaponya pa bar 1, ma fader onse pa zero, n'kumvera kuyambira poyamba mpaka pamapeto ngati ndine munthu uja wolandira. Mphindi zinayi zokha. Mmenemu ndagwiramo zinthu zochititsa manyazi, track yomwe ndinaiwala ili pa mute, metronome yomwe inalowa mu voko kudzera m'mahedifoni, pulagini ya demo yomwe imaponya kaphokoso pakapita masekondi angapo, fayilo yathunthu yopanda kanthu chifukwa sampler inali isanamalize kulodi pomwe renda imayamba. Mukafuna kutsimikiza kwambiri pali null test, mumatenga mix yomwe munatulutsa master itazima, n'kuiika pambali pa ma stem, n'kuitembenuza polarity. Ngati zonse zili ndendende zimadyana, mumamva zii, ndipo chomwe chatsala chikumveka ndi chomwe chasiyana. Koyamba kuchita izi ndinasangalala ngati mwana, nyimbo yonse kuzimiririka n'kutsala ka tambourine kokha kakulira mumdima, komwe ndinali nditakaiwala. Musadabwe mukamva tizotsalira ta chorus, ta reverb zina kapena ta synth yomwe imasinthasintha yokha, mapulagini otere satulutsa chimodzimodzi kawiri nde sadyana kwathunthu, limenelo si vuto. Vuto ndi pomwe mukumva bezi yonse kapena voko yonse.

Pano ndimatulutsa ma stem a nyimbo iliyonse yomwe yatha olo palibe wandipempha. Chifukwa chake ndinachiona nditafuna kutsegula pulojekiti ya zaka zinayi zapitazo, woimba wake ankafuna biti yopanda voko yoti akaimbire pa siteji. Kompyuta ndinali nditasintha, pulojekiti inatseguka inde koma ndi mauthenga asanu ndi awiri oti pulagini iyi palibe, sample iyi sikupezeka, synth yomwe inanyamula nyimbo yonse inali ya 32-bit yomwe siyendanso pa makina atsopanowa. Ndinagwira njakata. Ndinathera pa mapulogalamu aja olekanitsa voko ndi zida mu nyimbo yomikisidwa kale, paja kuyambira pomwe Deezer anatulutsa Spleeter mu 2019 zinthu zimenezi zapita patsogolo kwambiri, Demucs ikuchita bwino, FL Studio ndi Logic Pro anaziika mkati momwe. Zinandipulumutsa tsiku limenelo sindikana, koma mukamvetsera pa mahedifoni mumamva kamzukwa ka voko kakuyandama kumbuyo kwa piyano ndipo ma hats amamveka ngati ali m'madzi. Kumachita kulanda kwa makina chinthu chomwe unali nacho choyera m'manja mwako, zimawawa. WAV yakhalapo kuyambira 1991 ndipo imatsegukabe paliponse, pomwe pulagini yomwe mukuikonda lero palibe akudziwa ngati idzayende pa kompyuta yanu yotsatira.

Foda yachiwiri ija ndinatumiza patapita masiku awiri, mafayilo 38, onse oyambira pa bar 1, mayina ndi manambala, kafayilo ka mawu kofotokoza tempo ndi kiyi, Reference payokha. Ndinadikira foni tsiku lonse mtima uli m'mwamba, sinalire. Madzulo ndinalephera kupirira ndinalemba kuti achimwene mwalandira kodi, zili bwanji. Anayankha patapita ola kuti "Ndili pa vesi yachiwiri mphwanga, usandisokoneze." Kenako patapita kanthawi kena meseji ina inalowa, "Koma 17 ndi 18 ndi gitala imodzimodzi, ina ndaitaya."